WAPASA KAPENA WAPITA?



Madzulo ano ndifuna kuti ticheze za mau amodzi a Chingerezi, mau aafupi zedi, a zilembo zinai zokha: p, a, s ndi s winanso. Eni chinenerocho amaŵatchula kuti "pass". Palibe mudzi m'Malaŵi muno umene mauŵa sadafikemo. Kwathu ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, ngakhale agogo amene sadapondeko pakhomo la sukulu amaŵadziŵa bwino, pakuti zotsatira za mayeso zikatuluka ana amathamanga kuchokera kumsewu akufuula kuti, "Wapasa! Wapasa!" Ena amati "waphasa". Nthungululu imalira, ndipo tsiku limenelo tambala wa pakhomopo sagona ndi moyo. Chicheŵa chake chenicheni n'chakuti "wakhoza mayeso", koma ine sindidabwere kudzadzudzula munthu chifukwa chobwereka mau. Chinenero chilichonse chamoyo chimabwereka, monga momwe amai amapalirana moto.

Vuto lili pena. Mlendo ameneyu ife tidamuzoloŵera ngati wobwera ndi nkhani zabwino zokhazokha, pamene kwao ali ndi nkhope zambiri, ndipo ina mwa nkhopezo ndi ya maliro.

Tiyambe ndi kumene adachokera. M'Chilatini, chinenero cha Aroma akale, mudali mau akuti "passus", kutanthauza kuponda kamodzi pamene munthu akuyenda. Afalansa adaŵatenga n'kupangapo mneni wonena za kudutsa, ndipo anthu a ku Normandy atagonjetsa England m'chaka cha 1066, mneniyo adaoloka nyanja pamodzi ndi mau ena ambirimbiri a Chifalansa n'kukakhazikika m'Chingerezi. Motero tsinde la "pass" ndi kupita kapena kudutsa: kuchoka tsidya lino n'kukafika tsidya linalo. Mwana amene wapasa mayeso wadutsa pachipata chimene anzake ena atsekeredwa.

Tikafika pamenepa, ife Acheŵa ndi Angoni tisadabwe, chifukwa mneni wathu wakuti "kupita" ali ndi khalidwe lomwelo. Taganizani za Mzungu amene wangoyamba kuphunzira Chicheŵa, ndipo aphunzitsi ake amuuza kuti kupita ndi kuyenda kuchoka pano kukafika apo. Tsiku loyamba akumva kuti mwana wa uje adapita patali ndi sukulu, nakondwa. Tsiku lachiŵiri akumva kuti ndalama za fodya zapita m'madzi, nayamba kuyang'ana kumtsinje. Tsiku lachitatu amai akunong'onezana kuti mnzao wapita padera, iye n'kufunsa mosangalala kuti abwerako liti. Mneni ndi mmodzi yemweyo, koma kamau kotsatirako ndiko kakunena ngati tiseke kapena tilire. Chingerezi nachonso chimatero, ndipo pa mneni wathu wa leroyu chimachita kunyanya.

Koma ndisanafike kumeneko, ndi bwino tione makomo amene mauŵa adaloŵera m'Chicheŵa, chifukwa khomo loyamba silidali la chimwemwe konse.

Khomo loyambalo lidali la pepala. Azigogo athu amene ankapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, kaya kudzera ku Wenela kaya pa selefu, adakaphunzira kumeneko kuti munthu wakuda sayenda opanda kalata ya Mzungu m'thumba. Ku Southern Rhodesia kalatayo inkatchedwa chitupa. Ku South Africa inkatchedwa "pass", ndipo Azulu ndi Axhosa ankati "ipasi". M'chaka cha 1952 boma la tsankho la dzikolo lidakhazikitsa lamulo limene dzina lake linkanena za kuthetsa mapasi, koma chimene lidachita ndi kusonkhanitsa timapepala tonse m'kabuku kamodzi kamene mwamuna aliyense wakuda wa zaka 16 kapena kuposerapo ankayenera kuyenda nako usana ndi usiku. M'kabukumo munkalembedwa kumene munthu akuloledwa kukhala, amene akumugwirira ntchito, ndiponso ngati wakhoma msonkho. Anthu adakapatsa dzina lachipongwe lakuti "dompas", ndiye kuti pasi yopusa. Pa 9 August 1956 amai pafupifupi 20,000 adaguba kupita ku nyumba za boma ku Pretoria kukakana kuti nawonso aziyenda ndi mapasi. Pa 21 March 1960, ku Sharpeville, apolisi adaombera khamu limene lidabwera kudzatsutsa lamulo lomwelo, napha anthu 69. Malamulo a mapasi adathetsedwa m'chaka cha 1986.

Zimenezi si za kutali ndi ife. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 Amalaŵi oposa 100,000 ankakumba m'migodi ya ku South Africa, ndipo boma la Ntcheu lidaperekako ana ake ambiri. Dr Banda adaimitsa maulendo a Wenela m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwao. Amene adabwerako bwino adabwera ndi njinga, mabulangete, masutukesi a malata, komanso mau. Mvetserani bwino mau athu akuti "chiphaso", ndipo m'kati mwake mumumva mlendo uja. Lero timati chiphaso choyendetsera galimoto, chiphaso chochitira malonda, chiphaso cha unzika chimene tidalembetsa m'chaka cha 2017 dziko lonse. Wofuna kukaona abale tsidya la Mozambique amatenga boda pasi pa Biriwiri, ndipo wa ulendo wautali amatenga pasipoti, mau amene nawonso ali a banja lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti pepala limene azigogo athu ankadana nalo ife lero timaliimira pamzere, nthaŵi zina kuyambira mbandakucha. Kusiyana kwake n'kwakuti lija linkanena kumene munthu saloledwa kuponda, pamene ili likunena kuti dziko ndi lake.

Khomo lachiŵiri lidali la sukulu, ndipo ndilo lidapatsa mauŵa fungo labwino. Komabe ngakhale pamenepa pali msampha umene makolo ambiri amakodwamo. Pa mayeso a Fomu 4, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1987, phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Wopeza 1 kapena 2 wapeza "distinction". Wopeza 3 mpaka 6 wapeza "credit". Wopeza 9 walephera. Nanga 7 ndi 8? Zimenezo ndizo zimatchedwa "pass". Mukuona tsono kuti pa setifiketi "pass" ndi mpando wa kumbuyo kwenikweni, wa munthu amene chitseko chidamupana chidendene pamene ankaloŵa. Mwana angathe kubwera kunyumba n'kunena kuti, "Ababa, ndapasa zonse," ndipo sakunama. Koma sukulu za ukachenjede za boma zimafuna makirediti asanu ndi imodzi, kuphatikizapo ya Chingerezi, ndipo mwana wa ma 7 ndi ma 8 okhaokha sayandikirako. N'chimodzimodzi ndi Sitandade 8: kupasa n'kwina, kusankhidwira ku sekondale n'kwinanso, ndipo chaka chilichonse alipo ana ambiri amene amapasa koma dzina lao osatuluka pa mndandanda wa osankhidwa. Bambo asanagulitse mbuzi pa Kampepuza kuti achite phwando, ayambe wafunsa kuti, "Wapasa motani, mwanawe?" Mngerezi akafuna kunena kuti munthu wakhoza kwenikweni amaonjezapo kuti "with flying colours", mau amene adachokera ku zombo zobwerera kudoko mbendera zili petupetu zitapambana nkhondo.

Khomo lachitatu ndi la pabwalo la mpira, ndipo sitichedwapo. Kumeneko "pass" ndi kupatsira mnzako mpira. Zidangochitika mwangozi kuti mau a Chingereziŵa akufanana ndi mneni wathu wakuti "kupatsa", kotero kuti mnyamata akamafuula kuti "ndipatse", kapena "nipase" monga amanenera anzathu a ku Lusaka, simungadziŵe ngati akulankhula chinenero cha makolo ake kapena cha ku London. Ngozi ina yotere ili kutchalitchi. Akhristu a pa mishoni ya Nsipe akamakondwerera Pasaka, wina angaganize kuti dzinalo lidachokera ku "pass". Iyai, lidachokera ku Chihebri kudzera m'Chigriki. Koma William Tyndale, pomasulira mabuku a Mose m'chaka cha 1530, adapeka dzina la Chingerezi lakuti "Passover", kunena za kupitirira nyumba zimene zidapakidwa magazi pamphuthu.

Tsopano tifike pa nkhope imene sitidaizoloŵere.

Mngerezi, monga ife tomwe, sakonda kutchula imfa ndi dzina lake. Ife timati watisiya, watsogola, wapita, kapena timangoti kwagwa zovuta. Iye amati "passed away", kapena "passed on". Mpaka apa palibe chovuta kwenikweni, chifukwa kamau ka kumapetoko kakutichenjeza. Koma masiku ano, makamaka potsanzira kalankhulidwe ka ku America kamene kafala ndi mafilimu ndi mafoni, anthu ambiri akudula kamchira kaja n'kumangoti "he has passed". Mau ake ndi omwewo, chilembo ndi chilembo, amene mphunzitsi amalemba pa lipoti la mwana wokhoza mayeso. Ndipo taonani kusemphana kwake: pamene ife, pochokera kuchipatala, timauza abale kuti "zakanika", Mngerezi pa imfa yomweyo akuti munthuyo "wapasa".

Tiyerekeze motere. Mai wina wa m'mudzi wa kufupi ndi Nsipe ali ndi mwana wake wamwamuna ku Johannesburg, wogwira ntchito ya m'munda wa maluŵa panyumba ya bwana wina. Mwezi wathawu mnyamatayo adaimba foni kunena kuti akuphunzira kuyendetsa galimoto ndipo akalemba mayeso posachedwa. Lero m'maŵa pafoni ya m'nyumbamo pafika uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa bwana uja, wa mau oŵerengeka: "Your son passed this morning." Maiyo Chingerezi sadziŵa, tsono akuitana mdzukulu wake wa Sitandade 7 kuti aŵaŵerengere. Kodi mwanayo anena chiyani? Anena chimene sukulu idamuphunzitsa: "Agogo, amalume apasa!" Ndipo mwina n'zoonadi, laisensi yatuluka. Koma mwinanso mnyamatayo ali gone m'nyumba ya chisoni, ndipo bwanayo akudikira kuti abale anene za kanyamulidwe ka thupi. Kale nkhani zotere zinkabwera pa telegalamu, imene inkalipiridwa poŵerenga mau, motero anthu ankalemba mwachidule. Lero uthenga ndi wotchipa, koma chidule chija sichidathe, ndipo ana athu kunja alipo ambiri.

Tsono malangizo anga ndi aŵa. Uthenga wa Chingerezi wonena za munthu ukakhala ndi "passed", musayambe nthungululu ndiponso musathamangire kwa amfumu kukanena maliro. Yang'anani kaye chimene chatsatira. Ngati patsatira dzina la mayeso, kondwerani. Ngati patsatira "away" kapena "on", itanani akuluakulu. Ngati sipadatsatire kanthu, koma pali mau onga "sorry" kapena "sad news", mtima ukhale m'malo ndipo muimbe foni, mulankhule ndi Mmalaŵi mnzathu amene ali komweko, akuuzeni m'Chicheŵa. Paja safunsa adadya phula. Ndipo inu amene mukundimvera muli kunja, kaya ku Joni, kaya ku Cape Town, kaya ku Bulawayo, mnzanu akakusiyani musalole kuti uthenga ukafike kumudzi m'chinenero cha bwana ndi kukagwera m'manja mwa mwana. Mwambo wathu ndi wakuti nkhani ya maliro imayamba yafika kwa mwini mbumba, iye ndiye amadziŵa poyambira pouza mai wa malemuyo. Foni isatilande mwambo umenewo. Ndionjezepo kuti kumwera konse kuno kwa Africa tili ndi chizoloŵezi china chonena kuti munthu "is late" potanthauza kuti adamwalira, pamene kwa Mngerezi wa ku England mau amenewo akungonena kuti munthuyo wachedwa. Apo napo ena adadikirapo munthu amene sadzabweranso.

Mng'ono wake wa "pass away" ndi "pass out", ndipo uyu ali ndi mitu iŵiri. Tanthauzo loyamba ndi kukomoka, kaya ndi njala, kaya ndi dzuŵa, kaya ndi kachasu. Wokomoka amatsitsimuka, motero amene wasokoneza "out" ndi "away" angathe kuliritsa mudzi wonse maliro a munthu amene akupuma. Tanthauzo lachiŵiri ndi la asilikali ndi apolisi: kutsiriza maphunziro a usilikali. Anyamata ndi atsikana a pa sukulu ya apolisi ya ku Mlangeni konkuno ku Ntcheu, kapena a ku sukulu ya asilikali ku Salima, akamaliza maphunziro ao amachita perete wotchedwa "passing out". Kholo likalandira uthenga wakuti mwana wake "is passing out on Friday" lisadabwe kuti kodi munthu amapangana bwanji tsiku lokomoka. Lichape malaya, likaonerere. Ngakhale, kunena zoona, pa dzuŵa la mwezi wa October, munthu ataima chilili maola atatu atavala jombo, matanthauzo aŵiriŵa nthaŵi zina amakumana pa munthu mmodzi.

Kuchipatala nakonso mneniyu ali pa ntchito. Madokotala ndi anamwino athu amaphunzira m'Chingerezi, ndipo amalemba m'kabuku ka wodwala m'Chingerezi. Kumeneko "pass water" kapena "pass urine" ndi kutaya madzi, ndipo apa zinenero ziŵirizi zagwirizana pa ulemu. "Pass stool" ndi kuchita chimbudzi, ngakhale kuti mwana wa sukulu amadziŵa "stool" ngati kampando. Munthu wochitidwa opaleshoni ya m'mimba amafunsidwa ngati wachita "pass wind", ndiye kuti ngati watulutsa mpweya wa m'mimba, ndipo si chipongwe: dokotala akufuna kudziŵa ngati matumbo ayambanso kugwira ntchito asanamulole kudya. Wodikirira matenda amene angayankhe mwamanyazi kapena mongovomera chilichonse angathe kusokeretsa dokotala. Ndipo "pass on" uja tidamuona pa maliro, kuchipatala amatanthauzanso kupatsira wina matenda, monga chifuŵa chachikulu. Pamene mu ofesi akutanthauza kungopereka uthenga kwa mnzako. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: ngati patchulidwa chinthu chimene chikuperekedwa, palibe wafa.

Kunyumba ya malamulo, aphungu akavomereza bilu, Chingerezi chimati "passed", ndipo atolankhani athu amamasulira bwino kuti yadutsa. Kukhoti nako woŵeruza amachita "pass sentence", kumene kuli kugamula chilango. Wamlandu amene wamva mau oyamba okhawo asamwetulire msanga.

Atsala ndi matanthauzo a m'misewu ndi m'maofesi, amene mabuku a sukulu saŵalabadira kwenikweni koma achinyamata athu amakumana nawo tsiku ndi tsiku. "Pass off" ndi kugulitsa chinthu chachinyengo ngati chenicheni, monga amachitira amene amasakaniza feteleza ndi mchenga, kapena kuthira chimanga wamba utoto n'kumati ndi mbeu ya makono. "Pass for" ndi kuoneka ngati chimene suli: munthu wa zaka 40 amene nkhope yake ikadali yanthete angathe kuyesedwa wa zaka 25. Wogwira ntchito amene anzake akwezedwa iye n'kudumphidwa amati adachitidwa "passed over", ndipo ameneyo mumufikire mosamala chifukwa mtima uli ndi bala. "Pass up" ndi kulekerera mwai. "Pass the buck" ndi kukankhira mnzako udindo, matenda amene aliyense wopita ku ofesi kukafunsa za penshoni yake amaŵadziŵa: uyu akuti pitani chipinda chachiŵiri, wa chipinda chachiŵiri akuti abwana atuluka, mubwere maŵa. Mauŵa adachokera ku juga ya makadi ku America, kumene kachizindikiro kotchedwa "buck" kankaikidwa patsogolo pa amene ali ndi udindo wogaŵa makadi, ndipo wosafuna udindowo ankakakankhira kwa mnzake. "Pass the hat round", kuyendetsa chipeŵa, ndi kusonkha ndalama zothandizira mnzanu, zimene ife timachita ndi mbale pamaliro.

Limodzi ndifuna atsikana athu alimvetse bwino, makamaka amene akupita kukagwira ntchito m'maofesi ndi m'nyumba za anthu. Mngerezi akati mwamuna "made a pass at" mkazi, sakunena za mayeso kapena za mpira. Akunena kuti mwamunayo adayesa kumunyengerera mkaziyo zachikondi, ndi mau kapena ndi manja, kaŵirikaŵiri mkaziyo asakufuna. Si kufunsira mbeta kwa ulemu kumene kumathera kwa ankhoswe. Mtsikana amene bwana wake wamuchita zotere, ndipo akufuna kukadandaula kwa akuluakulu a pantchito m'Chingerezi, mau ake ndi amenewo, ndipo womumva adzadziŵa kulemera kwake.

Lotsiriza limakhudza alendo. Ife kuno mlendo akakana nsima timayamba kudzifunsa kuti tamulakwira chiyani. Tsono mukadzalandira mlendo wa kunja, kapena mdzukulu wanu wokulira ku Manchester, inu n'kumuikira mbale ya mbeŵa zootcha bwino kapena chipanda cha thobwa, iye n'kumwetulira n'kunena kuti "I'll pass", musaganize kuti akulonjeza kukhoza mayeso, ndiponso musamupatse njira poyesa kuti afuna kudutsa. Akukana mwaulemu wa kwao, monga wosewera makadi amene walola kuti ulendo uno umupitirire. Musakwiye naye. Mbeŵazo muŵapatse ana, iye mumukazingire mazira.